Amalume afika pakhomo, koma dzina lawo mulibe mufayilo

3:30 masana, m'kakhonde

Ndi mwezi wa Novembala m'tauni ina ku Germany, ndipo kunja kwayamba kale kuchita mdima. M'kakhonde ka sukulu ya pulayimale muli chipwirikiti. Ana akuvula nsapato za m'nyumba, ena akufunafuna zipewa, wina akulira chifukwa golovesi imodzi yasowa. Mayi woyang'anira gululo walowa mu ofesi kukayankha foni. Pakhomo patsala wachinyamata wongodzipereka wochokera kwathu kuno, amene wangotha masabata atatu chifikireni.

Pakulowa bambo wina wovala bwino, waulemu wake. Kamtsikana ka zaka 7 kakungomuona, kakuthamanga n'kukamukumbatira m'miyendo. Bamboyo akufotokoza kuti ndi mlongo wawo wa mayi a mwanayo, mayiwo achedwa kuntchito ndiye amutuma. Mwana akuvomera ndi mutu, chikwama chili kale kumsana.

Munthu wokulira ku Kawale, ku Ndirande kapena kumudzi ku Dedza saonapo nkhani apa. Malume ndi mwini mbumba, ndipo kumukaniza mwana wa mlongo wake ndi mwano wokaitanidwa nawo kwa amfumu. Koma pakhomo limeneli mwanayo satuluka. Makolo polembetsa mwana amalemba mayina a anthu okhawo amene angamutenge, n'kusainira, ndipo amene dzina lake mulibe sapatsidwa mwana, kaya ndi malume, kaya ndi agogo, nthawi zina ngakhale bambo womubereka ngati khoti linapereka mwanayo kwa mayi yekha. Mabanja ena anatha, ena akulimbirana ana kukhoti, ndipo wongodzipereka sauzidwa zonsezi chifukwa ndi zinsinsi za eni ake. Kukumbatira kuja si umboni. Mwana amathamangira aliyense amene amamukonda, ngakhale amene khoti linamuletsa kuyandikira.

Ndiye mumatani? Mlendoyo mumamulonjera bwinobwino, osamuchititsa manyazi. Mwana mumamuuza akhale kaye pabenchi mkati. Kenaka mumaitana woyang'anira gululo, ngakhale ali pafoni. Iyeyo ndi amene amatsegula fayilo. Dzina likapezeka koma nkhope ndi yachilendo, amapempha chiphaso. Likapanda kupezeka, amaimbira mayi pa nambala imene ili mufayilomo, osati imene mlendoyo akutchula, ndipo malo ambiri safuna ngakhale za pafonizo, amafuna chilolezo cholembedwa. Zonsezi zimatha mphindi 5 kapena 10, ndipo malume wa kumeneko kawirikawiri sakwiya nazo chifukwa amadziwa kuti ndi mmene zimayendera.

Ndayamba ndi za pakhomozi dala. Achinyamata ambiri opita ku Germany kukadzipereka pa ntchito yosamalira ana akaweruka kusukulu amanyamuka ndi maganizo akuti akukaphunzitsa ana nyimbo za kwathu ndi kusewera nawo mpira. Zimenezo zilipo, koma ndi ndiwo chabe. Nsima ya ntchitoyi ndi kudziwa nthawi ina iliyonse kuti ana alipo angati, ali kuti, ndiponso ndani ali ndi mphamvu yogamula chinthu. Nthawi zambiri munthu wogamulayo simukhala inu.

Malo ake ndi otani

Ana a pulayimale ku Germany amaweruka msanga, ambiri pakati pa 11:30 ndi 1:30 masana, pomwe makolo ali kuntchito mpaka 4 kapena 5 koloko. Malo osungirako ana maola apakatiwa m'zigawo zambiri amawatcha Hort. Ku Nordrhein-Westfalen, komwe kuli Köln ndi Dortmund, mumamva kwambiri dzina lakuti OGS. Anawo ndi a zaka 6 mpaka 10, kalasi 1 mpaka 4, kupatula ku Berlin ndi ku Brandenburg komwe pulayimale imafika kalasi 6. Oyendetsa malowa amakhala khonsolo ya tauni, mipingo, kapena mabungwe monga Caritas, Diakonie ndi AWO.

Lamulo limene linakhazikitsidwa mu 2021 likuti kuyambira Ogasiti 2026 mwana aliyense wa kalasi 1 ali ndi ufulu wosamalidwa maola 8 patsiku, masiku 5 pa sabata, kuwerengera pamodzi ndi nthawi ya m'kalasi, ndipo chaka chilichonse paziwonjezeka kalasi imodzi mpaka zonse zinayi zitalowa mu 2029. Ana akuchuluka pomwe antchito ophunzira, amene wamkazi amatchedwa Erzieherin ndipo wamwamuna Erzieher, ndi osowa. Apa ndi pamene wongodzipereka ayenera kuchenjera. Pa lamulo inu ndinu wowonjezera, simulowa m'malo mwa munthu wolipidwa. Kukupemphani kuyang'ana ana 6 amene akujambula m'chipinda chotseguka kwa mphindi 20, wamkulu ali pafupi, n'koyenera. Kukusiyirani ana 25 masana onse chifukwa anthu awiri adwala n'kolakwika, ndipo ulemu wathu uja wongoti "chabwino, palibe vuto" ndi umene umachititsa kuti mawa zibwerezedwe. Zikachitika, muuzeni mlangizi wanu wa kubungwe lokulandirani tsiku lomwelo.

Njira yofikira kumeneko ndi mapepala ake

Khomo lodziwika ndi pulogalamu ya weltwärts. Unduna wa zachitukuko wa boma la Germany unaiyambitsa mu 2008 potumiza achinyamata awo kumaiko ngati kwathu kuno, ndipo mu 2013 unatsegula njira yobwerera kuti achinyamata a ku Africa, Asia ndi Latin America azipitanso kumeneko. Zaka zofunika ndi 18 mpaka 28, ndipo ambiri amakhala miyezi 12. Boma limalipira mpaka 75 peresenti ya ndalama zonse, yotsalayo limasaka ndi bungwe lokulandirani. Tikiti ya ndege, inshuwalansi ya kuchipatala, pogona, chakudya ndi kandalama ka m'thumba zimachokera mmenemo. Kusankha anthu kumadzera ku bungwe la kuno limene lili pa ubale ndi la kumeneko. Choncho munthu wa pa WhatsApp amene akufuna mumutumizire ndalama kuti "akusungireni malo" akukuberani masana dzuwa likuswa mtengo.

Mukafika mumagwira ntchito pansi pa mgwirizano wa Bundesfreiwilligendienst, ntchito yongodzipereka ya boma imene inayamba mu 2011. M'chaka chimodzi muli masiku 25 a maphunziro amene simungawathawe.

Pa mapepala onse, limene limagwetsa anthu ambiri ndi la chikuku. Kuyambira pa 1 Malichi 2020, aliyense wobadwa chaka cha 1970 chitadutsa amene akugwira ntchito ndi ana ayenera kusonyeza kuti anabayidwa katemera wa chikuku kawiri, kapena kuti magazi ake ali ndi chitetezo. Khadi la kusikelo la ambiri obadwa m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000 limasonyeza katemera mmodzi yekha, wa pa miyezi 9, ndipo kwa ena khadilo linadyedwa ndi chiswe kalekale. Dokotala angathe kuyeza magazi kapena kukubayaninso, koma ngati pakufunika jakisoni ziwiri, pakati pake pamafunika masabata osachepera 4. Amene sanakonzeretu amatha mwezi wathunthu ali phee kunyumba, ntchito asanaiyambe.

Nyamulaninso kalata ya kupolisi ya kuno yosonyeza kuti mulibe mlandu. Kumeneko akakufunsani ina yawo, yotchedwa erweitertes Führungszeugnis, imene imasonyeza ngati munthu anapezekapo wolakwa pa milandu yokhudza ana. Imeneyi mumaipempha ku ofesi ya khonsolo mukalembetsa malo okhala, ndipo kulembetsako kuyenera kuchitika pasanathe masiku 14 chilowereni m'nyumba, mutatenga kalata ya mwini nyumba. Ngati muzigawa chakudya, palinso kaphunziro kakafupi ka ofesi ya zaumoyo, ndipo pepala lake lisakhale lopitirira miyezi 3 pa tsiku loyamba ntchito.

Kuwerenga mitu

Ntchitoyi ndi ya tsiku lonse, pafupifupi maola 39 pa sabata. Popeza ana amabwera masana, m'mawa mumathandiza m'kalasi, kukhitchini kapena kukonza zipangizo. Cha m'ma 11:30 a kalasi 1 amayamba kufika, ndipo aliyense amachongedwa m'kaundula. Mwana amene amayenera kubwera akapanda kuoneka pakatha mphindi 10 kapena 15, sitiganiza kuti mwina wapita kwawo. Timayang'ana m'kalasi mwake, kuchimbudzi, pabwalo, timafunsa ku ofesi ya sukulu ngati anabwera m'mawa, kenaka woyang'anira amaimbira makolo. Pambuyo pake pamabwera nkhomaliro, homuweki, masewera, kenaka nthawi yotengedwa.

Malo ambiri ali ndi bolodi la maginito. Mwana akamapita pabwalo amasuntha dzina lake n'kuliika pa chithunzi cha bwalo. Ana amaiwala, ndiye kuwakumbutsa ndi kufananitsa bolodi ndi zimene maso akuona ndi ntchito imene wongodzipereka angaigwire bwino kuyambira sabata yoyamba, Chijeremani chisanabwere.

Pabwalo pali kaimidwe kake. Mumaima pamene mukuona geti ndi zokwerakwera nthawi imodzi, msana uli kukhoma. Akuluakulu awiri saima pamodzi n'kumacheza, chifukwa maso anayi oyang'ana mbali imodzi ndi chimodzimodzi maso awiri. Ndipo ngati mwalowa mu mpira, dziwani kuti simukuyang'aniranso. Anyamata ambiri ongodzipereka amagwa pamenepa: ana amawakonda chifukwa cha chenga, koma pamene iwo akuthamangitsa mpira, kumbuyo kwa shedi ana awiri akumenyana ndi timitengo. Musanalowe m'masewera, uzani mnzanu momveka kuti atenge maso.

Potuluka kupita kupaki mumawerenga ana pakhomo, pageti, pofika, ponyamuka ndi pobwerera. Wamkulu mmodzi amakhala kutsogolo, wina kumbuyo. Ponyamuka kupaki itanani mayina, musangowerenga mitu, chifukwa kumeneko kumakhalanso ana a eni, ndipo nambala ingathe kukwana pomwe wanu mmodzi ali m'tchire kufunafuna nkhono.

Halb vier si hafu pasiti 4

Ana ena, makamaka a kalasi 3 ndi 4, makolo awo amalemba kuti azipita okha kunyumba pa nthawi yakutiyakuti. Apa pali msampha wa chilankhulo umene umakola pafupifupi aliyense wophunzira Chingelezi. Mjeremani akati halb vier akutanthauza 3:30, theka la ulendo wopita ku 4 koloko. Khutu lathu limamva 4:30. Zotsatira zake mwana amasungidwa ola lathunthu, basi yake yapita, mayi ake ali pawindo kudikira. Kum'mawa ndi kumwera kwa dzikolo amanenanso dreiviertel vier, imene ndi 3:45. Mankhwala ake ndi amodzi: nthawi iliyonse yokhudza mwana muione yolembedwa m'manambala, 15:30, ndipo mukauzidwa pakamwa muibwereze mukuloza wotchi.

Manambala okha nawonso amatembenuzidwa. Pa 21 amayamba kutchula 1 kenaka 20, ndiye munthu akakuuzani kuti ana alipo 23 mungathe kulemba 32. Chijeremani cha mulingo woyambirira wa A1 chimakwana kugulira buledi. Cha pa Hort chimafuna mawu ena amene mabuku sayamba nawo: siya, tsika, sambani m'manja, ndani wayamba, zikupweteka pati. Aloweze musanakwere ndege.

Homuweki si yanu

Ku Nordrhein-Westfalen malamulo amati homuweki ya kalasi 1 ndi 2 isapitirire mphindi 30, ya kalasi 3 ndi 4 mphindi 45. Nthawi ikakwana mwana asanamalize, amatseka kope, ndipo wamkulu amalemba kamzere kouza mphunzitsi pamene walekezera. Kwa ife izi zimaoneka ngati kulekerera ulesi, koma mphunzitsi akufuna kudziwa chimene mwana angathe payekha. Mukamuuza mayankho kuti kope lioneke laukhondo, mwabisa vuto lake kwa munthu yekhayo amene akanalikonza.

Samalaninso ndi masamu. Kumeneko kuchulukitsa amalemba kadontho pakati pa manambala, kugawa amalemba timadontho tiwiri, ndipo pamene ife timaika dontho monga 2.5 iwo amaika koma, 2,5. Nambala 1 ili ndi kamchira kutsogolo, 7 ili ndi kamzere pakati, ndiye 7 wanu wopanda kamzere mwana amamuwerenga ngati 1. Kugawa kwakutali kumayalidwa mosiyana ndi mmene tinaphunzirira ku sitandade 5. Njira yanu ndi yolondola, koma mukaiphunzitsa mwana wa zaka 8 amene akulimbana kale ndi njira ya aphunzitsi ake, mawa afika m'kalasi ndi njira ziwiri zosakanikirana. Tsegulani buku lake, onani chitsanzo, tsatirani chomwecho.

Nsinjiro

Tsiku lidzafika loti akupempheni kuphika chakudya cha kwanu, ndipo mtima udzathamangira ku nsima ndi nkhwani wotendera. Imani kaye. Mtedza uli pa mndandanda wa zakudya 14 zimene malamulo a ku Ulaya amati zizilengezedwa chifukwa zimadwalitsa anthu ena, pamodzi ndi mkaka, mazira, tirigu, soya, nsomba ndi chitowe. Mwana amene thupi lake limadana ndi mtedza angathe kutupa pakhosi n'kulephera kupuma m'mphindi zochepa, ngakhale atangodya ndi supuni imene inakhudza nsinjiro. Kuchotsa pamwamba sikuthandiza. M'khitchini mumakhala pepala la mayina a ana ndi zimene sadya, ena chifukwa cha matenda, ena chifukwa cha chipembedzo kapena chifuniro cha makolo. Liwerengeni tsiku lililonse mpaka mulidziwe pamtima, ndipo zimene mukufuna kuphika zilembeni zonse sabata imodzi isanakwane kuti makolo auzidwe. Ngakhale maswiti ofewa aja ambiri ali ndi jelatini wochokera ku nkhumba, ndiye osangogawa.

Patebulo mwana sakakamizidwa kumaliza mbale. Angalimbikitsidwe kulawa, basi. Kuona chakudya chikutayidwa kumawawa kwa munthu wodziwa mwezi wa Febuluwale wa kumudzi, koma njira yake ndi kupakula pang'ono, mwana abwerenso akafuna, osati kumulalikira za ana anjala a ku Africa. Mukatero mwawaphunzitsa nokha chithunzi chimene mudzathe chaka chonse mukuchitsutsa.

Mankhwala nawo ali ndi lamulo lake. Panado amene ali m'chikwama mwanu ndi wanu. Mwana sapatsidwa mankhwala alionse popanda chilolezo cholembedwa cha makolo, ndipo opereka amakhala wantchito amene anauzidwa. Chimene mungachite ndi kuika pulasitala ndi kathumba kozizira kochokera mufiriji, mutakakulunga m'kansalu. Ngozi iliyonse, ngakhale kachilonda ka pabondo, imalembedwa m'buku la ngozi, chifukwa ana ali pa inshuwalansi ya boma ndipo vuto likadzaoneka patsogolo bukulo ndiye umboni. Mwana akagunda mutu, woyang'anira ndi makolo ayenera kudziwa ngakhale akusewera bwinobwino. Nambala ya ambulansi ndi 112.

Manja ndi foni

Kuyambira Novembala 2000, lamulo la Germany limati mwana ali ndi ufulu woleredwa popanda nkhanza, ndipo limaletsa chilango cha pathupi, mawu ovulaza mtima ndi chilichonse chonyazitsa, ngakhale kwa makolo omubereka. Kukoka khutu, kutsina, kakhofi ka pamsana, kugwaditsa, kuseka mwana pagulu, zonsezi zingathe kuthetsa chaka chanu sabata yomweyo. Kugwira mwana mwamphamvu kumaloledwa pokhapokha mukuletsa ngozi, monga kulekanitsa ndewu kapena kumubweza pamsewu, ndipo mukatero mumakanena nthawi yomweyo zimene zachitika.

Chovuta kwambiri si kusunga manja koma kumasulira khalidwe la anawo. Kwathu mwana waulemu amayang'ana pansi. Kumeneko amakuyang'anani m'maso, amakutchulani dzina lanu loyamba, ndipo mukamuuza chinthu amafunsa "Warum?", kutanthauza chifukwa chiyani. Si mwano, anaphunzitsidwa kutero. Kukuwa kuchokera patali sikugwira ntchito. Chimene chimagwira ndi kupita pafupi, kunjuta kuti maso alingane, kutchula dzina lake, kunena chiganizo chimodzi chachifupi ndi chifukwa chake, ndi kunena chimene chichitike akabwereza. Ndipo chimene mwanenacho chichitikedi. Masabata oyamba adzakuyesani, adzanena kuti mayi woyang'anira uja amawalola. Yankho lake ndi lakuti tiyeni tikamufunse limodzi.

Pa kukhudzana, woyamba akhale mwana. Akabwera kudzakukumbatirani mulandireni mwachidule, koma osamunyamula, osamukhazika pamiyendo, osamupsompsona. Musakhale ndi mwana mmodzi m'chipinda chotseka, chitseko chizikhala chotsegula. Kuchimbudzi simulowa. Malamulowa amateteza ana, koma amatetezanso inu, makamaka mnyamata wachilendo amene sangathe kudzifotokozera bwino m'chilankhulo cha eni ake. Inunso muli ndi malire anu. Ana adzafuna kugwira tsitsi lanu ndi kusisita khungu lanu. M'masukulu ambiri amaphunzitsidwa kuti mnzako akakweza dzanja n'kunena "Stopp" umasiya pomwepo, ndipo lamulo limenelo likugwiranso ntchito pa mutu wanu.

Foni ikhale m'chikwama. Chithunzi cha mwana sichijambulidwa popanda chilolezo cholembedwa cha makolo, ndipo chilolezocho chimakhala cha kamera ya pamalopo, osati foni yanu. Achibale kumudzi adzakakamira kuti muwaonetse "ana anu achizungu" pa Facebook. Atumizireni chithunzi cha bwalo lopanda anthu, kapena cha zimene anawo apanga, mayina mutabisa. Osapatsana nambala ndi mwana, osalandirana pa TikTok, osagulira mmodzi mphatso.

Ndipo tsiku lina mwana amene wakuzolowerani angakunong'onezeni kuti kunyumba amamenyedwa, kapena kuti wina amamugwira mosayenera. Nthawi zambiri amasankha wongodzipereka chifukwa ndi amene amakhala naye pansi pa kapeti. Musalonjeze kusunga chinsinsi. Muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo muyenera kuuza wamkulu mmodzi amene angathandize. Musamufunse mafunso ambiri, chifukwa mafunso otsogolera amasokoneza umboni. Lembani mawu ake enieni, tsiku ndi nthawi, mupereke kwa mkulu wa pamalopo tsiku lomwelo. Kukambirana ndi makolo kapena kuuza ofesi ya boma yoona za ana, Jugendamt, ndi udindo wake. Inu musapite kukalangiza banja ngati ankhoswe.

Zimene mwanyamula kuchokera kwathu

Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, mayina mutawadziwa, pemphani ola limodzi pa sabata la gulu lanu. Ana 8 mpaka 10 ndi okwana, mphindi 45 ndi zokwana, ndipo zipangizo zikhale patebulo ana asanalowe, chifukwa mphindi zitatu zimene mukufunafuna sizasi ndi zimene gulu limabalalikira.

Bawo imayenda bwino chifukwa ambiri amadziwa kale mtundu wake wosavuta wotchedwa Kalaha, wa mizere iwiri. Yambirani pamenepo, makatoni a mazira ndi nyemba zouma, mizere inayi ibwere pambuyo kwa a kalasi 4. Fulaye amaigwira msanga chifukwa ikufanana ndi Völkerball yawo, koma gwiritsani mpira wofewa ndipo nenani poyamba kuti kumutu sitigenda. Mpira wachikulunga amaukonda kuupanga kuposa kuusewera. Galimoto zamawaya ndi zokongola, koma waya wodula ndi pulayala amabaya, ndiye kwa ana aang'ono gwiritsani waya wofewa wokutidwa ndi ubweya umene umapezeka m'kabati ya zojambula. Nyimbo zoyankhizana zimagwira kuposa zonse, chifukwa ngakhale mwana wa ku Syria kapena ku Ukraine amene Chijeremani chikumuvutabe amayankha mofanana ndi anzake. Onse ndi alendo m'Chichewa.

Mafunso a mikango ndi nyumba zaudzu adzabwera. Ayankheni mosakwiya, ndipo khalani ndi zithunzi zosindikiza: msika wa ku Lizulu, nyanja ku Cape Maclear, mzere wa magalimoto mu Lilongwe pa 5 koloko, phiri la Mulanje.

Disembala

Mwezi umenewu ndi umene umayesa munthu. Pofika 4:30 madzulo kunja kuli bii, mumapita kuntchito kuli mdima n'kubwerera kuli mdima. Ana amatuluka pabwalo ngakhale kukuzizira kapena kukuwaza, ndipo inu mumaima nawo ola lathunthu osathamanga. Jekete ya pa kaunjika wa ku Limbe ingathandize ngati ili yosalowa madzi, koma chofunika kwambiri ndi nsapato za soli yokhuthala, sokosi zaubweya ndi zovala zopyapyala zingapo zosanjikiza.

Chimfine cha ana chidzakugwirani kangapo. Mukadwala imbani m'mawa ntchito isanayambe, musangokhala chete, ndipo matenda akapitirira masiku 3 pamafunika kalata ya dokotala. Kutsegula m'mimba kapena kusanza ndiye osayerekeza kupita, pogawa chakudya ndi zoletsedwa. Tchuthi chanu n'chosachepera masabata 4 pachaka, koma musachiwerengere pa holide ya sukulu, chifukwa Hort yambiri imatsegula tsiku lonse ana akatsekera, ndipo masabata amenewo ndi otopetsa kuposa ena onse.

Kandalama ka m'thumba ndi ka m'thumbadi. Mukakasintha m'makwacha kamaoneka kambiri, ndipo abale adzakawerengera choncho. Auzeni musananyamuke kuti si malipiro. Ganyu wapambali popanda chilolezo angakutayitseni visa, chifukwa inaperekedwa pa ntchito imodzi yokha.

Mwezi womaliza

Ana auzidwe za kuchoka kwanu masabata 3 kapena 4 tsikulo lisanafike, mogwirizana ndi woyang'anira, ndipo kalendala yochonga masiku imathandiza a kalasi 1 amene sadziwa kuti mwezi ndi wautali bwanji. Musalonjeze kuti mudzabweranso kapena kuti muzidzaimba foni. Amene akufuna kulemba kalata alembe kudzera pa adiresi ya Hort. Ngati mukupereka kanthu, aliyense alandire chofanana.

Pemphani kalata yofotokoza ntchito imene munagwira, Zeugnis, kudakali mwezi wathunthu, ndipo onetsetsani kuti yatchula zenizeni: zaka za ana, kukula kwa gulu, gulu la masewera limene munkatsogolera. Ikangoti munali munthu wabwino sidzakuthandizani pofunsira ntchito ku Lilongwe. Kachotseni dzina lanu ku ofesi ya khonsolo komwe munalembetsa, tsekani akaunti ya kubanki ndalama yomaliza ikalowa, ndipo bwezani makiyi a sukulu wina akusainira kuti walandira. Ngati munali ndi Deutschlandticket, tikiti ya mwezi ya basi ndi sitima zapafupi imene inayamba pa mayuro 49 mu Meyi 2023 n'kukwera kufika 58 mu Januwale 2025, kumbukirani kuti imadzilipira yokha mwezi ndi mwezi. Iyenera kuthetsedwa pofika pa 10 mwezi wanu womaliza, apo ayi adzakudulani ya mwezi wotsatira muli kale pa Chileka.